Mpweya wa M'masaya Okha

Ndinagwira unamwino zaka zambiri pa kachipatala kena kwa Mposa, ndipo kunena zoona ndinatopa. Mankhwala ankatha mwezi usanafike pakati, ambulansi tinkangoimvera mbiri. Amene sankajomba ndi anyamata ofunsa makhadi a chipani pamsika.

Kusukulu anatiphunzitsira pa chidole cha mphira mmene tingadzutsire mwana wosiya kupuma. Zala ziwiri pachifuwa, kukanikiza kasanu, kenako kuphimba kamwa ndi mphuno za khanda ndi pakamwa pako n'kuuzira mpweya wa m'masaya okha. Chimene sanatiuze n'chakuti chidole chilibe achibale.

Tsiku lina masana, ndikuwiritsa masingano a jakisoni, ndinamva kulira kuseri kwa mpanda wathu. Khanda la miyezi isanu ndi itatu linali litagwera m'beseni lochapira, mayi ake akuyanika zovala. Pamene ndinkafika, amayi a m'mudzi anali ataligoneka pamkeka n'kulifunditsa chitenje, maliro atayamba. Wina anali atathamanga kukaitana mjomba wa mwanayo, mlongo wa mayi ake, poti kumeneko palibe chochitika pa mwana mwini mbumba asanafike.

Ndinagwada kuti ndivundukule. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja.

"Iyayi anesi, musatero. Tidikire amjomba ake."

"Amjomba akewo abwera ndi mpweya?" ndinatero. Pakamwa pangapa panayamba kale kundiputira mavuto.

Ndinavundukula. Milomo inali itada, koma thupi linali lofundabe. Ndinayamba kukanikiza ndi kuuzira, ndikuwerenga chamumtima. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti nesi akupsompsona maliro. Mantha anandigwira, chifukwa ndinkadziwa kuti mwanayu akapanda kudzuka mudzi wonse udzati ndinanyoza mtembo. Mawondo ankawawa pamiyala. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani, koma kenaka kamwana kanatsokomola, kanandisanzira madzi a sopo pa yunifolomu, n'kuyamba kulira ngati kamphaka.

Amjomba anafika atapanira sanda m'khwapa, nsalu yoyera yokulungira maliro. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine. Sanandithokoze, sanandikalipirenso. Anangokhala pansi nsalu ili pamwendo.

Musaganize kuti zinkatha chonchi nthawi zonse. Ana ambiri ndinawauzira mpaka chizungulire, osadzuka, poti ankandiitana atamaliza kudikirana. Amenewo ndi amene anandikalambitsa, ndipo nkhope zawo sizinandichokebe.

Patatha masabata awiri mayi wa mwana wogwera m'beseni uja anabwera naye kusikelo. Pomuvula kuti ndimuyeze, ndinaona thewera latsopano loyera mbee, lodulidwa mokhotakhota.

"Ndi sanda ija," anatero mayiyo, maso ali pansi. "Amjomba ake anati nsalu isawonongeke."

Mwiniwake anali atalinyowetsa kale. Ndinaseka, ndinalemba kulemera kwake pakhadi, kenako ndinapita kuseri kwa chipatala kukalira. Nditabwerako, mzere unali ukundidikirabe.