Tsiku limene ndinatsuka thanki ya nsomba

Ntchito yanga yoyamba sindinachite kuifunsira. Ndili Fomu 3 pasekondale yathu yoyendera, chakumtunda kwa Kachulu, Madamu Kalinde a Bayoloje anabwera kuchokera ku Zomba ndi magalasi atawakulunga m'bulangete. Anati timanga kanyanja kathukathu mu labu. Tinaseka, poti nyanja ya Chilwa timaiona tsiku ndi tsiku.

"Mumaiona pamwamba," anatero. "Ndikufuna muione m'kati."

Magalasiwo tinawalumikiza ndi guluu wa silikoni, n'kuwamanga ndi tepi kuti aume. Atauma tinathiramo madzi kuti tione ngati pakudontha. Pansi tinayala matope akuda a m'nyanja, pamwamba pake mchenga ndi timiyala, kenako tinadzala udzu wa m'madzi ndi timizu ta njedza, udzu wautali wa m'mphepete mwa nyanja. Madzi tinkatunga kunyanja m'zigubu, n'kuwasefa ndi kansalu ka neti ya udzudzu. Nkhono Madamu anazikana chifukwa cha likodzo. Mlamba anaukananso, ati ungamalize anzake. Madzi atakhazikika kwa masabata angapo, tinaikamo tinsomba: timatemba ndi timakumba.

Panafunika munthu woisamala. Kwathu ndi pafupi ndi sukulu, ndipo bambo ali ndi bwato, choncho kiyi wa labu anagwera ine. Ndinamumangirira pachingwe n'kuvala m'khosi, mkati mwa bulauzi.

Ntchito yake inali yochepa koma yosafuna phuma. M'mawa ndinkaviika themomita ndi kapepala koyezera asidi, n'kuwaza gaga wongotsina ndi zala ziwiri. Dzuwa likakula ndinkakoka katani. Kumapeto kwa sabata ndinkachotsa madzi ochepa ndi kapaipi: mbali ina m'thanki, ina kukamwa, kuyamwa kamodzi, n'kuponya msanga m'ndowa usanameze. Obwezeramo anali a kunyanja, ogonera m'chigubu. Pampu tinalibe, mpweya unkachokera ku zomera. Madamu ankabwereza mawu amodzimodzi: "Chisomo, madzi onse sachotsa. Muli zamoyo zimene maso ako sakuziona."

Ndinkayankha kuti ndamva. Ndinamvadi.

Kenako kunabwera ndere. Zinayamba ngati utsi wobiriwira pagalasi la kuwindo, n'kufalikira pamiyala. Madamu anasangalala nazo, timakumba tinkazibudula tsiku lonse. Koma ine ndinakulira m'nyumba ya amayi anga. Kwathu mtsuko ukangoterera m'kati, umakuchititsa manyazi mtsikana, osati mwini nyumba. Nthawi zonse ndikaona nderezo manja ankandiyabwa.

Teremu ikutha kunali tsiku loti makolo adzaone ntchito za ana. Lachinayi madzulo amayi a m'komiti anabwera kudzasesa. Ndinali kuseri kwa kabati pomwe awiri anasuzumira pakhomo la labu.

"Iii, asisi, taonani uve uwu! Alendo adzaone zimenezi?"

"Ati akusamala ndi mwana wa a Nasibeko."

"A Nasibeko omwe aja aukhondo? Ndiye mwanayo anatengera ndani?"

Anachoka akuseka. A Nasibeko ndi amayi anga. Ndinaima pomwepo makutu akutentha. Madamu anali atapita kale kwawo ku Songani, ndipo anati m'mawa abwera pamodzi ndi alendo ochokera ku Zomba.

Lachisanu ndinalawirira ndi sopo wa ufa ndi kachidutswa ka saka. Nsomba ndinaziwola ndi kaneti n'kuziika m'ndowa. Madzi onse ndinawatulutsa ndi kapaipi. Matope ndinakawataya kuseri kwa labu, mchenga ndinautsuka mpaka kuyera, miyala ndinaikwecha umodziumodzi. Galasi ndinalipaka sopo mpaka linkalira ndikadutsitsa chala. Madzi a m'chigubu ndinawaona oderako, osayenera alendo. Pakhonde pa ofesi pamakhala diramu ya madzi akumwa, imene alangizi a zaumoyo amathiramo kolorini kuopa kolera. Ndinaganiza kuti madzi abwino kuposa amenewo palibe pasukulu ponse. Ndinatunga, ndinadzaza, ndinabwezeramo zomera ndi nsomba.

Thanki inakongola, zimenezo sindingabise. Unkatha kuona khoma kudzera m'madzi. Mnzanga Esinati, amene tinayenera kufotokozera naye makolo za thankiyo, atalowa anagwira pakamwa.

"Chisomo, wachita chiyani?"

"Ndatsuka."

"Madamu akudziwa?"

Apo n'kuti makolo atayamba kulowa. Amayi anga anaima kutsogolo atavala chitenje cha kutchalitchi. Mmodzi wa amayi adzulo aja anawagunyuza ndi chigongono: "Eya, izi ndiye za mwana wanu." Amayi anamwetulira. Ndinayamba kufotokoza mokweza mmene chomera chimaperekera mpweya kwa nsomba, ndi mmene ndowe za nsomba zimadyetsera chomera.

Ndili m'kati molankhula, timatemba tonse tinakwera pamwamba, tikamwa tili yasa. Kamodzi kanazungulirazungulira n'kugona cham'mbali. Kena kanatembenuka, mimba yoyera kumwamba. Ndinapitiriza kulankhula, ngati kuti ndikapanda kusiya palibe aone. Bambo wina wogulitsa nsomba kudooko anaweramira pagalasi.

"Mwanawe, izitu zatha. Ndikatenge thandala tiyanike?"

Anthu anaseka. Sanaseke mwankhanza, koma ndinalakalaka pansi patang'ambika. Nthawi yomweyo Madamu analowa ndi alendo. Anayang'ana thanki, anaviikamo chala n'kununkhiza.

"A m'diramu?"

"Eya, Madamu."

"Matope ali kuti?"

"Ndataya."

Sanakalipe. Anavula wotchi n'kunena kuti, "Esinati, chigubu cha madzi a kunyanja. Chisomo, kaneti. Fulumirani." Tinawola zimene zinkapumabe n'kuziika m'beseni. Matemba onse anafa. Timakumba tochepa tokha ndi timene tinatsala, tikupuma movutika. Zakufazo ndinazitola ndi manja anga pamaso pa makolo, ana a Fomu 1 ndi alendo a ku Zomba. Madamu anafotokozera anthu kuti kolorini amaotcha makha amene nsomba zimapumira, ndipo sopo ndi kutaya matope zinachotsa tizilombo tabwino timene tinkayeretsa madzi. Dzina langa sanalitchule. Panalibe chifukwa, aliyense ankandiona. Sindinayerekeze kuyang'ana kumene kunali amayi.

Anthu atatuluka ndinavula chingwe m'khosi n'kuika kiyi patebulo. Anzanga anagwira ntchito teremu yonse, ine ndinaiononga m'mawa umodzi. Madamu anakankhira kiyi uja kwa ine.

"Lamulo unkalidziwa, unangoopa pakamwa pa anthu. Lolemba uyambirenso. Matope ukatenge wekha."

Popita kunyumba amayi anali patsogolo, ine pambuyo. Loweruka ndinatenga ndowa ziwiri kupita kunyanja, kumene njedza zimayambira. Ndikukumba matope ndi manja, ndinamva mapazi m'madzi kumbuyo kwanga. Anali amayi, atakwinya chitenje mpaka m'maondo.

"Ndiye uvewu ndi umene ukufunika?" anafunsa, mphuno atakwinya.

"Eya, amayi."

"Ha! Sukulu." Anapinda nkhata. "Nditwike. Ziwiri sungathe."

Anasenza ndowa ya matope onunkha kudutsa padooko ponse, amayi anzawo akuyang'ana, madzi akuda akudonthera pabulauzi yawo yoyera.

Thanki inatenga nthawi kuti ikhalenso ndi moyo. Pano ndili Fomu 4, kiyi akadali m'khosi mwanga, ndipo ndikufuna kudzaphunzira za nsomba ndikakhoza mayeso. Ndere zinabwerera. Ndimapukuta galasi lakutsogolo lokha, ndi kansalu kopanda sopo, kuti anthu aone m'kati. Mbali zinazo ndi chakudya cha makumba. Mlendo akasuzumira n'kunena kuti pali uve, makutu amatenthabe ngati tsiku lija. Ndimapinda manja kumbuyo, n'kumuuza kuti ayandikire aone bwino.