Tsiku Limene Ndinazula Nsidze Zonse

Amayi anga anali ndi nsidze zopindikira m'kati, zolasa diso ngati minga akangophethira. Ntchito yozizula inali yanga. Tinali ndi kachitsulo kopanira, kosulidwa ku sipoko ya njinga, kamene ankakamanga pamfundo ya chitenje. Pakapita masiku angapo ndinkawagoneka pansi pa mtengo wa nimu, mutu uli pamiyendo panga, n'kumazula imodziimodzi. Ntchitoyo ndinkadana nayo, sindibisa, koma kwathu ku Makhuwira panalibe wondiposa.

Chaka china mlangizi wa zaumoyo analengeza kuti kukubwera anthu a kafukufuku wa matenda a maso, oyenda khomo ndi khomo. Amayi atamva, pakhomo panakhala ngati pakubwera ukwati: kusesa, kuzira, kubwereka mipando. M'mawa wa tsikulo anandiuza kuti ndizule zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe, poti munthu wamkulu salandira alendo misozi ili chuchuchu ngati pamaliro. Ndinazula mwaluso, wopusa ine, mpaka kudzitama.

Alendowo anafika dzuwa lili paliwombo. Ana anga awiri anawatembenuza zikope, n'kuwabaya chala kutenga kadontho ka magazi papepala, ati aone ngati thupi lawo linakumanapo ndi matendawo. Kenako mayi wina wovala magalasi pamphumi anawalitsa tochi m'maso mwa amayi. Nsidze yolasa sanaione. Anafunsa ngati maso amawavuta, kapena ngati amazulapo nsidze.

"Nkhabe, ndiri pyadidi, mwananga," anayankha amayi m'Chisena chawo, kuti ayi, ali bwinobwino.

Kwa iwo kudandaulira mlendo kunali kupempha. Ine ndinali pomwepo, koma mwana satsutsa kholo pamaso pa anthu.

Mawa lake ku mjigo ndinamva kuti mayi woyandikana nafe, yemwe ana ake aulesi sanamuzule, walembedwa kuti akakonzedwe chikope kwaulere. Ndowa ndinaisiya pomwepo, n'kukwera kabaza kulondola alendo aja. Mudzi uwu ati angochoka, mudzi uwo ati alowera chakudambo. Ndinawapeza pamudzi wachitatu, fumbi lili mbuu thupi lonse, ndipo ndinaulula zonse. Mayi wa magalasi uja sanandikalipire. Anati ntchito yanga inabisa matenda, koma nsidze zozulidwa zimamera zolimba n'kupitiriza kukanda diso, choncho amayi apite nawo akakonzedwe chikope.

Ndinabwerera ndikuyesa ndachita zanzeru. Amayi anakwiya zoopsa. Anati ndawasandutsa wabodza kwa alendo amene anawalandira bwino, ndiye akawaonetsa nkhope iti? Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinawakumbutsa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anati chitseko n'chawo. Galimoto inabwera, inatenga anzawo, iwo ali kudimba dala.

Ndinazulabe dzinja limenelo ndi linzake, tulo tikundisowa, ndikuona kamtambo koyera kakukula m'diso lawo la kumanzere. Pamene anavomera kupita kuchipatala n'kuti disolo litatha. La kumanja madokotala analipulumutsa.

Amayi sanandiimbepo mlandu, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa. Mpaka lero mlendo akafika amandiyamikira.

"Uyu ali ndi dzanja labwino," amatero. "Sankasiya ndi imodzi yomwe."

Amanena atapotoza khosi kuti andione ndi diso lotsalalo, ndipo ine ndimadzuka kukaona madzi pamoto.