Zala zozolowera kumenya

Abambo a ana anga anali wotayipa makalata pa ofesi ina ku boma ku Dedza. Ntchitoyo anaiyamba tisanakwatirane, ndipo sopo, fizi ndi mabulangeti a m'chisanu, zonse zinkachokera m'zala zawo. Ndimathokoza Mulungu, sitinagonepo ndi njala. M'mawa ankapalasa njinga kuchokera kwathu kufupi ndi Bembeke, nkhungu itaphimba msewu, ndipo akafika ankayamba afumbata kapu ya tiyi kuti zala zimasuke.

Makina awo anali achitsulo. Kalata imodzi ankasanja mapepala angapo, pakati pake kaboni, ndiye kuti lemba lifike papepala lapansi pankafunika kumenya ndithu. Mzere ukatha kabelu kankalira, dzanja lamanzere n'kukankha chogwirira kuti ayambe mzere wina. Ngakhale odutsa pamsewu ankadziwa kuti lero alimo.

Matipate atabwera, nafe tinavina nawo, tinkati tsopano tipuma. Posakhalitsa azungu achithandizo anabweretsa kompyuta pa ofesipo. Anaipatsa chipinda chakechake, anayala kapeti, ndipo wolowamo ankavula nsapato. Poweruka ankaifunditsa nsalu. Munthu amene anakalambira pamenepo ankakhalira mpando wogwedera, koma chinthu chobwera dzulo chinali ndi chofunda.

Abwana ananena kuti wotayipa adzatsala mmodzi, amene adzaithe kompyuta. Otayipa analipo awiri: abambo, ndi mtsikana wina amene anaiphunzira ku Lilongwe, msinkhu wa mwana wathu woyamba. Yemweyo ndiye anauzidwa kuti awaphunzitse. Sindimuda mwanayo, nayenso anali ndi makolo owadyetsa. Koma tsiku loyamba abambo atadinikiza batani, lemba limodzi linathamanga mzere wonse, iye n'kuseka. "Agogo, si khasu ili, muthyola."

Tsiku limenelo abambo atafika kunyumba tinadya kaye. Titatha kupemphera korona m'pamene anandiuza. Ine ndinati ngati vuto ndi kumenya, aphunzire pa ine. Ndinatambasula mkono patebulo kuti azitayipa pamenepo, ndikamva kuwawa ndizinena.

"Apo mwabaya, bambo."

"Ndinu mwafewa ngati phwetekere, mayi."

"Nanga kompyutayo ikulira bwanji? Yafewa kuposa ine?"

Tinaseka mpaka ana anasuzumira. Tinkachita zimenezi madzulo aliwonse, ndipo pang'onopang'ono zala zija zinayamba kuyenda ngati nyerere pamkono panga. Amayi a mumphakati wathu ndinawapempha kuti atikumbukire m'mapemphero, ndipo anatikumbukiradi, Mulungu awadalitse.

Tsiku loyesedwa ndinawasitira malaya oyera. Zimene zinachitika anandifotokozera okha. Akuti zala zinayenda bwino, mofewa, osalakwitsa. Mtima utakhala pansi anayamba kuthamanga monga kale. Atafika kumapeto kwa mzere, dzanja lamanzere linanyamuka lokha kukafuna chogwirira chija. Chogwirira kunalibe. Linakamenya m'mbali mwa chibokosi chagalasi, chinagwedezeka, n'kuzima.

Abwana anawakalipira pamaso pa anthu onse. Anawafunsa ngati akudziwa kuti chinthu chimenecho n'chodula kuposa mudzi wawo wonse. Mtsikana uja anawerama, anabwezera waya amene anasomphoka, galasi n'kuyakanso. Palibe chimene chinawonongeka. Komabe pakutha pa mwezi abwana anawauza abambo kuti akapume, awathokoza.

Ife za dzanja lamanzere sitinaziganizire. Pamkono panga panalibe mzere woti uthe.

Abambo anapempha chinthu chimodzi, kuti awagulitse makina akale aja azitayipira anthu makalata pamsika. Anawayankha kuti katundu wa ofesi sagulitsidwa chisawawa. Anabwerera kumudzi, anayamba kulima kachewere, ndipo mwana wathu wachiwiri anasiyira sukulu panjira. Lero anthu akamatama makompyuta ine sinditsutsa, adzukulu anga akudyera momwemo. Koma ndimadziwa amene anayamba kulipira.

Ku boma abambo sanapondekonso, zonse ankatuma ine. Tsiku lina la mphepo ndikupita kukagula feteleza, ndinadutsa pa ofesi paja. Chitseko chinali chotsegula, ndipo kuti chisamenyeke anachitchinjiriza ndi makina aja. Anali pansi pakhonde, dzimbiri lili psuu, masamba a paini atalowa m'mabatani. Ndinaima pang'ono, kenako ndinapitirira.

Nditafika kunyumba anandilandira thumba, n'kundifunsa ngati ofesi idakali momwe inalili. Ndinati ilipo, apaka penti yatsopano.