Sipika ya kumanzere

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinawalanda bambo anga chinthu chokhacho chimene ankanyadira. Sindinawabere kanthu ayi. Ndinangoyankhula, ndipo zimene ndinanenazo zinali zoona zokhazokha.

Tinkakhala ku Mabutweni, kuno ku Bulawayo, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kamene agogo anga anakapeza atabwera kuchokera ku Nyasalande kudzafuna ntchito. Bambo anabadwira momwemo. Ankagwira ntchito pafakitale ina yosula zitsulo, kumenya chitsulo ndi nyundo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Masiku amenewo mafakitale ankatsekedwa motsatizana, ndipo amuna a mumsewu mwathu ankapita kuntchito osadziwa ngati mawa chipata adzachipeza chotsegula. Bambo ankafika kunyumba phulusa lili m'tsitsi, n'kusamba, n'kudya, n'kugona. Pakati pa sabata mawu awo tinkawamva mwa apo ndi apo.

Loweruka ndiye ankasanduka munthu wina. Pabalaza pathu panali ampulifaya yasiliva, choimbira zimbale, ndi masipika awiri amatabwa otalika kundifika pachifuwa. Ana a mumsewu ankaitcha gumbagumba, dzina limene bambo ankadana nalo kwambiri. Ankati gumbagumba ndi ya kumowa, yogonthetsa anthu m'kutu, pamene yawoyo inali yomvetsera. Sabata yonse zipangizozo zinkakhala zofunditsidwa ndi nsalu yoyera imene amayi analuka, ndipo palibe ankaloledwa kuzikhudza. Ngakhale malo oimikapo masipika anali olembedwa pansi ndi utoto, kuti asasunthe ngakhale pang'ono.

Loweruka masana, magetsi akakhalapo, kunkabwera anzawo atatu. A Sibanda anali Mndebele woyandikana nafe, munthu wamtali wosuta fodya. A Nkhoma ankachokera ku Nketa pa njinga, thalauza atalimanga ndi mphira m'akakolo. Wachitatu anali Yusufu, wa ku Mangochi, amene ankati akungodutsa ulendo wa ku Joni koma anatha zaka zitatu akudutsabe. Yusufuyo ndiye ankadziwana ndi madalaivala a mabasi, ndipo chimbale chatsopano chikangotuluka ku Malawi, pasanathe mwezi chinkapezeka m'thumba la jekete yake.

Anthuwa anali ndi malamulo awo. Chimbale chatsopano ankachitsegula bambo okha. Nyimbo ikamaimba koyamba panalibe kuyankhula, kutsokomola, kapena kutakasa tiyi. Bambo ankakhala pampando wapakati, maso atatseka, ndipo nyimbo ikatha onse ankadikira chigamulo chawo. Ankatha kunena kuti besi yameza mawu a woimba, kapena kuti ng'oma anaijambulira patali, kapena kuti woimbayo tsiku limenelo anali ndi chimfine. Anzawo ankangogwedeza mitu. Anawapatsa dzina loti a Makutu, ndipo dzinalo linafalikira mpaka kutchalitchi. Kuntchito bambo anali nambala yolembedwa pa ovolosi, koma pabalaza paja anali a Makutu. Dzina limenelo ndi limene linkawadzutsa Lolemba.

Tsono Lachiwiri lina amayi anandituma kupaka polishi pabalaza. Ine ndi changu changa chofuna kukasewera, ndinakankha sipika ya kumanzere kuti ndipake kuseri kwake. Ndinangomva kuti thapu. Waya unali utazuka, kapulasitiki kofiira kogwira wayayo katathyoka. Ndinayesa kuubwezera ndi zala, ndi chipini cha tsitsi, ndi malovu omwe, koma sunagwire. Ndinaupinda n'kuubisa kuseri, sipika n'kuibwezera pa utoto paja, nsalu n'kuiyala bwinobwino.

Masiku anayi otsatirawo sindinadye bwino. Bambo sanali omenya kawirikawiri, koma akamenya ankamenya zenizeni. Ndinkadziwa kuti munthu womva chimfine cha woimba wa ku Blantyre sangalephere kumva kuti sipika yathunthu yafa. Ndinapemphera kuti magetsi azime Loweruka. Sabata yonseyo ankazima tsiku ndi tsiku, koma Loweruka limenelo anayaka kuyambira m'mawa.

Yusufu anafika akumwetulira, chimbale chili m'pulasitiki yake. Chinali cha gulu lina la ku Blantyre limene bambo ankalikonda, ndipo mu Bulawayo monse munalibe amene anali atachimva. Bambo anasamba m'manja, anang'amba pulasitiki ndi lezala, n'kuchigwira m'mbali ngati dzira. Ine ndinalowa ndi tiyi, n'kuima pakhomo la kuchipinda.

Nyimbo inayamba. Ngakhale ine mwana ndinamva kuti yapelewera. Ng'oma inalipo, mawu analipo, koma zonse zinkatuluka mbali imodzi, ndipo pakati pa nyimbo panali malo aakulu opanda kanthu pamene china chake chinayenera kulira. Ndinaona a Sibanda akuyang'ana a Nkhoma. A Nkhoma anayang'ana m'kapu. Yusufu anatsegula pakamwa, a Nkhoma n'kumuponda phazi.

Bambo maso anali chitsekere, chala chikugunda pabondo. Nyimbo itatha anapumira m'mwamba, n'kuloza sipika yakufayo.

"Mwaimva gitala imeneyo? Anyamata awa saisuntha, nthawi zonse amaiika kumanzere. Koma ulendo uno yayera, achimwene. Yayera ngati madzi."

"Yayeradi," anatero a Nkhoma.

"Kuhle sibili, baba," anavomereza a Sibanda m'Chindebele, kuti nzabwinodi. Akunena choncho bokosi lawo la machesi linagwa, ndipo ndinaona ndi maso angawa akulikankha ndi nsapato mpaka linalowa kuseri kwa sipika ija. Anagwada n'kuyamba kufufuza kuseriko pang'onopang'ono.

Ine mtima unakhala pansi. Sindinadzifunse kuti zatheka bwanji. Ndinangoona kuti ndapulumuka, ndipo ndikanangotuluka panja nthawi yomweyo, bwenzi lero ndilibe choti ndilembe. Koma bambo anali atakondwa, ndipo akakondwa ankakonda kuseka munthu.

"Thoko, tabwera. Tawamasulira a Sibanda zimene akunena woimbayu."

Apa ndi pamene panali bala langa. Chichewa ndinkachimva cha kukhitchini, cha kutumidwa ndi kukalipiridwa, koma cha m'nyimbo chinkandidutsa. Kusukulu ankandinena kuti ndine Mnyasa, kunyumba ankandiseka kuti ndine Mndebele, ndipo ndinali nditatopa nazo zonse ziwiri. Ndinayankha motsitsa mawu kuti, "Angizwa kuhle, baba," kutanthauza kuti sindikumva bwino.

Bambo anawomba m'manja. "Mwamumva? Akundiyankha Chindebele! Mwana wa a Makutu, koma makutu ake ndi okongoletsa mutu basi. Gonthi weniweni pa chiyankhulo cha makolo ake."

Onse anaseka, Yusufu mpaka kutaya tiyi. Sikunali kuseka kwa nkhanza, tsopano ndikudziwa. Mwinanso ankaseka mokweza chonchija kuti a Sibanda apeze mpata womaliza zimene ankachita kuseri kuja. Koma ine ukali umene ndinatengera kwa bambo omwewo unandikwera. Ndinasonkhanitsa Chichewa changa chonse chothyokathyoka, kuti amve bwino kuti ndimachitha.

"Gonthi ndinu. Sipika iyo sikulira. Ndinadula waya Lachiwiri."

A Sibanda anatsala chigwadire, dzanja lili kuseri. Bambo anadzuka, anayambitsanso nyimbo, n'kupita pa sipika ija. Sanaweramire mbali imene anali nayo pafupi. Anatembenuza thupi lonse kuti khutu la kumanja ndilo ligunde pansalu ya sipika, kenako anaikapo chikhatho n'kudikira. Ndinayembekezera kuti atembenukira kwa ine, koma sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana anzawo, mmodzimmodzi.

"Inu munamva?"

Kenako anatembenukira kwa a Nkhoma.

"A Nkhoma, ndikufunsa inu. Kuyambira liti?"

A Nkhoma anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Chaka chatha, achimwene, nyengo yozizira ija. Koma si nkhani. Ife timabwera kudzacheza."

Bambo anazimitsa ampulifaya. Anatulutsa chimbale, anachipukuta ndi malaya, anachibwezera m'chikuto chake n'kumupatsa Yusufu ndi manja awiri. "Kamvereni kwanu," anatero. "Mudzandiuze ngati chili bwino." Kenako anatenga nsalu yoyera ija n'kufunditsa okha, ntchito imene nthawi zonse inali ya amayi.

Ndinadikira lamba mpaka dzuwa kulowa, koma lambayo sanabwere. Ndikanakonda akanabwera. Amayi anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka makapu amene ndinali nditawatsuka kale. Sanakalipe. Anakhala pandowa yovundikira, ndipo ankaoneka otopa kuposa mmene ndinawaonerapo.

"Khutu lawo la kumanzere linafa kalekale ndi nyundo zija," anatero. "La kumanja likutsatira. Iwe sunaone kuti popita kutchalitchi ndimayenda mbali imodzi yokhayokha?"

Ndinafunsa ngati bambo eni ake ankadziwa.

"Munthu angalephere kudziwa khutu lake? Ankadziwa. Chimene sankadziwa n'chakuti anzawo akudziwa."

Ndinayamba kulira, n'kumati koma ine sindinaname. Amayi anayankha kuti, "Sunaname, inde. Koma unanena kuti uwathandize, kapena kuti uwabaye?" Atatero anatola makapu n'kulowa m'nyumba.

Waya uja a Sibanda anadzaulumikiza Lolemba bambo ali kuntchito. Anagwiritsa mpeni wa m'thumba ndi kamtengo ka machesi, ndipo sizinawatengere nthawi yoti madzi n'kuwira. Loweruka lotsatira anzawo anabwera monga mwa masiku onse, bambo n'kutuma amayi kukanena kuti mutu ukuwapweteka. Linalo anabweranso, Yusufu atanyamula zimbale ziwiri, bambo anawalandirira panja n'kucheza nawo za mpira. Kenako tinangomva kuti akumakumana kwa a Nkhoma ku Nketa. Ankatumiza uthenga sabata iliyonse kuti mpando wapakati ukudikira, koma bambo sanapiteko. Munthu akawaitana kuti a Makutu pamsewu, ankayenda osacheuka, ndipo sindinadziwe ngati sanamve kapena sanafune. Fakitale inadzatsekedwa patapita zaka ziwiri. Kuyambira pamenepo masiku onse a sabata anafanana.

Chichewa ndinadzachiphunzira ndili wamkulu, mwaliuma, pofunsa amayi a ku Malawi amene ndinkagulitsa nawo pamsika ndi powerenga chilichonse chimene ndachipeza. Masiku ano nyimbo zatsopano zimandipeza zokha pafoni, khumi pa tsiku, ndipo mawu ake ndimawamva onse. Koma sindikumbuka tsiku limene ndinamvetsera imodzi mpaka kumapeto. Ndimayamba, mtima n'kulema, n'kuzimitsa.

Bambo akalipo, akalamba, ndipo khutu la kumanja lija latsala pang'ono kutheratu. Nkhani ya tsiku lija sitinaikambepo. Chaka chatha ndinapita kukawameta tsitsi, monga ndimachitira mwezi ndi mwezi. Atakhala pampando pakhonde, thaulo lili m'khosi, ndinaona kuti mwina mpata wina sudzapezeka. Ndinazimitsa makina ometera, ndinagwada mbali ya khutu lotsalalo, n'kunena m'Chichewa chosathyoka mawu amene ndinawakonza zaka makumi awiri. Ndinati anandilakwira pondiseka, koma ine ndinalakwa koposa, ndipo andikhululukire.

Anandiyang'ana pakamwa, n'kukwinya nkhope. "Wati chiyani?"

Ndinabwereza mokweza. Anapukusa mutu. Kuseri kwa mpanda mayi woyandikana nawo anasiya kuchapa, ndipo ana awiri anaima pachipata. Kuti bambo amve, ndinayenera kukuwa, msewu wonse umve kuti a Makutu ndi gonthi ndipo mwana wawo akupepesa. Ndikanakhala ndikuwavulanso kachiwiri pamaso pa anthu, kuti ine mtima upepuke.

Ndinaika pakamwa pakhutu pawo n'kukuwa kuti, "Ndati, ndichepetsenso kumbuyoku?"

"Eya, chepetsa," anatero, n'kuweramitsa mutu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti a Sibanda ndi a Nkhoma anali abodza, ine ndekha wonena zoona. Lero ndikudziwa kuti amuna aja anasenza bambo anga chaka chathunthu, Loweruka ndi Loweruka, osawauza kuti awasenza, ndipo ine ndinawagwetsa ndi mawu osakwana khumi. Ndadziwanso kuti mawu obaya amamveka ngakhale kwa munthu wa khutu limodzi, pamene opepesa amafuna kunenedwa motsitsa, nthawi ikadalipo. Anga ndinachedwa nawo, ndipo tsopano ndiyenera kuwasunga ndekha.