Sopo wa pa thanki ya petulo

Amene akufuna kunditsutsa abwere kwathu ku Ndeke adzaone chipsera chili pamsana pangachi, chifukwa nkhaniyi sindinachite kumva, inandionekera ndekha.

Zaka zapitazo ndinali ndi galimoto yakale ya m'tchire, yoyendera petulo, imene ndinkapita nayo kumidzi ya ku Lufwanyama kukasinthanitsa sopo ndi mtedza. Ankandiyendetsera ndi mlamu wanga, munthu wa pakamwa kwambiri. Wowotcherera zitsulo wina anandilangiza kuti tiike chitsulo chochindikala kunsi kwa thanki, poti kumeneko owotcha makala amasiya zitsa paliponse. Mlamu atamva anaseka mpaka misozi, nkumati chitsulo nchachiyani pamene pagalasi lakumbuyo anamatapo kale pepala la kutchalitchi lonena kuti galimotoyi ndi yotetezedwa kumwamba. Anafika ponena kuti ndilibe chikhulupiriro. Ine, mkazi woimba kwaya chiyambire utsikana! Pokana phokoso m'banja ndinangozisiya.

Tsiku lina tinatenga amayi anga, amene miyendo inatupa kalekale moti sayenda okha, kuti akaone achemwali awo. Inali nthawi yotentha tchire. Pobwerera masana, mlamu anapatuka kuzemba dzenje, ndipo tinangomva kuti khoo! kunsi. Sitinapite patali, fungo la petulo linadzaza m'galimoto. Titaima tinaona mafuta akutsika ngati mkodzo wa ng'ombe, pamene kumanzere kwathu moto wa m'tchire ukubwera ndi mphepo, udzu ukungothetheka. Kuliza injini kunali kudziyatsa tokha.

Nanga mwini chikhulupiriro uja anatani? Anafuula m'Chibemba kuti tafa, kenako liwiro la mtondo wadooka, nsapato imodzi kuisiya pamsewu. Amayi anandiuza kuti nanenso ndithawe, iwo akula kale. Mawu amenewo anandipsetsa mtima koopsa, ndipo ndinawayankha kuti akhale chete, ine sindinabwere kudzawotcha mayi wanga ngati mbewa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinakumbukira zimene wowotcherera uja anandiuza, zoti petulo sasungunula sopo. Ndinatenga mtanda wa sopo wotsala, kukwawira kunsi, nkuyamba kuutikita pamng'alu wa thanki. Petulo ankandilowa m'maso, msana nkukhudza paipi yotentha ya utsi mpaka khungu kumatirira, koma sindinasiye. Mantha ndiye ndinali nawo, ndisakunamizeni. Petulo atasiya kudontha ndinakwirira ponyowapo ndi dothi, kukhala pachiwongolero ine wosazolowera, nkuliza. Mlamu tinamupeza kutsogolo akupuma wefuwefu, ndipo ndinaima kokha chifukwa amayi anandichonderera.

Mawa lake chitsulo chinaikidwa. Mlamu mpaka lero amachitira umboni kutchalitchi kuti linatipulumutsa ndi pepala lake lija, ndipo ena amandijeda kuti ndimadalira zitsulo. Alankhule, pakamwa mpawo! Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu anatipulumutsadi, komanso kuti anayamba kundichenjeza kudzera mwa wowotcherera uja ine nkumvera wina.

Inu oyenda m'tchire, pempherani ndithu, koma kunsi kwa thanki ikani chitsulo, poti chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo wokuuzani kuti n'kusakhulupirira, muyambe mwamuyang'ana miyendo. Iye amatha kuthamanga, amayi anu sangathe.