A Fufutani ndi Fomu ya Opereka Magazi

Ku ofesi ankawatchula kuti a Fufutani, ndipo dzinalo linakakamira mpaka a pageti ankawapatsa moni nalo. Anali mayi wamfupi, wa magalasi omangira kachingwe, wolera yekha ana awiri. Ntchito yawo inali yokonza mafomu a pa intaneti ku bungwe lina laling'ono lotolera magazi othandizira odwala. Tebulo lawo linali pakona, pafupi ndi makina a fotokope amene ankatafuna mapepala akapsa mtima.

Poyamba sanali munthu wofufuta ayi. Atangoyamba ntchito anauzidwa kuti akonze fomu yoti anthu ofuna kupereka magazi azilembetsa pa foni. Bwana aliyense anabwera ndi mafunso ake. Adokotala ankafuna mbiri ya matenda onse. A malipoti ankafuna kudziwa za maphunziro, ntchito ndi mtundu wa nyumba. A zofalitsa nkhani nawo akuti munthu anene kumene anamva za bungwelo. Mayiwa analandira zonse, n'kuzikongoletsa ndi mitundu yofiira. Anthu ankaitsegula fomuyo ambiri ndithu, koma ofika kumapeto anali apo ndi apo. Mafiriji a magazi anali pululu.

Lamlungu lina masana kunyumba kwa mayiwa kunabwera achimwene awo, oyendetsa lole, munthu wa zala zonenepa, limodzi ndi alamu. Mayiwa anawapatsa foni.

"Achimwene, paja mumati mukufuna kupereka magazi. Tadzazani iyi, ine ndizingoonerera."

Dzina analemba bwinobwino. Pa tsiku lobadwa panatuluka kakalendala kofunika kubwerera m'mbuyo mwezi ndi mwezi.

"Iwe, ndidina mpaka ndikafike m'mimba mwa amayi?"

Anapirira. Atalemba nambala ya foni anasiya kampata pakati, fomu n'kukana, ndipo zonse zimene analemba zija zinafufutika. Anayambiranso akupukusa mutu, mpaka anafika pa funso la nyumba.

"Ine ndikukupatsani magazi anga, inu mukufuna mudziwe ngati denga langa ndi la malata? Kapena mukundifunira mkazi wachiwiri?"

Alamu anaseka mpaka misozi. Achimwene anaika foni patebulo n'kupempha madzi akumwa. Mayiwa anaseka nawo, koma mumtima munali mutatentha. Munthuyo ankafunadi kuthandiza, ndipo chimene chinamubweza chinali ntchito ya manja awo.

Kuyambira pamenepo anasiya kukhalitsa pakona paja. Ankapita podikirira mabasi, ku saluni, pa benchi la kuchipatala, n'kumapempha anthu kuti ayese fomuyo. Sankawathandiza. Ankangoyang'ana pamene chala chaima, pamene nkhope yakwinyika, pamene munthu wanena kuti, "Pepani mayi, ndidzamaliza kunyumba." Akabwerera ku ofesi ankagogoda pa chitseko cha bwana aliyense ndi funso limodzi: "Yankho la funso lanuli, mudzachita nalo chiyani mawa m'mawa?"

A zofalitsa nkhani anakanda mutu n'kuvomera msanga kuti funso lawo lifufutidwe. Adokotala anali olimba.

"Mayi, magazi si madzi a pampopi. Sindingatenge a munthu amene sindikumudziwa."

"Zoona, adokotala. Koma anamwino amafunsabe zonsezi munthu akafika, si choncho? Bwanji tizifunse kamodzi, pamaso?"

Adokotala anaganiza, kenako anagwedeza mutu movomera. Koma anakana kuchotsa funso la zaka ndi la kulemera kwa thupi. Anati si bwino kuti munthu ayende ulendo wautali kenako abwezedwe pakhomo. Mayiwa anaona kuti ndi zoona, ndipo anawaika mafunso awiriwo koyambirira.

A malipoti anakanitsitsa. Anati popanda mayankho awo lipoti la pachaka likhala lopanda mnofu. Mkanganowo unafika kwa abwana aakulu, amene analamula kuti mafomu onse awiri, yakale ndi yatsopano, ayende limodzi kwa kanthawi, anthu aweruze okha ndi zala zawo.

Yatsopanoyo inkakwana pa galasi la foni popanda kutsetsereka kwambiri: dzina, zaka, kulemera, nambala ya foni, dera, ndi tsiku limene munthu angabwere. Pansi pa nambala panali mawu ang'onoang'ono akuti, "Tidzakuimbirani za magazi basi." Munthu akalakwitsa, fomu inkamuuza pomwepo mwaulemu, osafufuta kanthu. Netiweki ikathawa, zolemba zinkadikira. Batani la kumapeto analikulitsa kuti chala chilichonse chilipeze, ndipo m'malo mwa "Tumizani" analembapo kuti, "Ndibwera kudzapereka magazi."

Sipanatenge nthawi. Mayina anayamba kulowa ngati nyerere zaona shuga. A malipoti anabwera okha pakona paja, manja m'thumba.

"Chabwino, a Fufutani, mwapambana. Koma mafunso angawo ndiwafunsa kuti?"

"Munthu akamaliza kupereka amakhala pansi akumwa juwisi. Pamenepo ali ndi nthawi yocheza nanu."

Tsiku lalikulu lotolera magazi litafika, mipando inachepa mpaka anakabwereka ina ku ofesi yoyandikana nayo. Mzere unatuluka pakhomo, n'kukhota kutsata mpanda. Munali amakanika ovala maovolosi a girisi, aphunzitsi, amayi ogulitsa mumsika, alonda ochokera kuntchito. Adokotala ankathamanga uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, akumwetulira ngati mkwati. Atadutsana ndi mayiwa pakhonde anawagwira dzanja ndi manja awiri.

Chakumadzulo mzere utachepa, namwino wamkulu anaitana a Fufutani.

"Mayi, anthu onsewa mwawabweretsa ndinu. Nanga anuwo mukusungira ndani?"

A Fufutani anayang'ana singano ili m'mbale. Chibadwire ankaopa jakisoni kuposa njoka.

"Anamwino, ine sindinalembetse."

"Foni muli nayo m'manjamo. Akuti fomu yake siichedwa."

Ofesi yonse inaphulika ndi chiseko. Mayiwa anadzaza fomuyo ataimirira pomwepo, n'kudina batani lija. Kenako anagona pa bedi, anavula magalasi, anatembenukira kukhoma, n'kutambasula mkono.

"Mukamabaya musandiuze," anatero.