Mpendero wa diresi la mwana wawo

Anthu a mumsewu wawo ankawatcha Amayi a Mpendero, chifukwa pa atelala onse panalibe wowaposa popinda m'munsi mwa diresi. Ntchitoyo ankaigwira atakhala pa kampando kakafupi, mapini ali kukamwa, mwini diresi ataima patsogolo pawo.

Thupi anali nalo lalikulu kuyambira pa utsikana, ndipo zaka zokhala pa makina zinaliwonjezera. Fupa la m'chiuno litaperepeseka, anawachita opaleshoni n'kuwaika mfundo yachitsulo. Adokotala sanawabisire: kulemera kwawo kokhako kunkatha kuigulula. Anawaletsa kukhala pa mpando waufupi, kuwerama ndi kupingasa miyendo. Anamva ndithu, koma tsiku lina anawerama kutola sizasi, mfundo ija n'kuguluka. Anakuwa mpaka wosoka nsapato wa khomo loyandikana anathamangira. Ataibwezera, adokotala anati ikagulukanso, mwina kuyenda kudzathera pomwepo.

Anayesa kuchepetsa thupi. Shuga anasiya, mbale anachepetsa, koma munthu woyendera ndodo thupi silimumvera. Amuna awo ankawaseka kuti sikelo ndiyo ikuonda ndi mantha. Iwo ankaseka nawo, kenako n'kukalirira kuseri kwa nsalu.

Mwana wawo wamkazi atapeza banja, diresi laukwati anasoka okha, koma mpendero unatsala. Mwanayo anati apite nalo kwa telala wina.

"Ndapindira ana a eni msewu wonse uno," iwo anatero. "Wanga yekha akapindiridwe kwina?"

Anamukweza pa tebulo lodulirapo nsalu kuti apinde ataimirira. Zinkayenda bwino mpaka chigongono chinagunda kabokosi ka mapini, onse mbwee pansi, pomwe mwanayo akanatsikira wopanda nsapato. Telala sasiya pini pansi. Dzanja linatsogola lokha, msana n'kulitsata. M'chiuno munakoka.

"Amayi, musatero," anatero mwanayo. "Mukufuna mudzabwere ku ukwati wanga atakunyamulani?"

Mayiwo anauma pomwepo, chowerama pang'ono, thukuta lili kamukamu, osadziwa ngati kuwongoka kungatheke. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kumadzuka pang'onopang'ono. Mfundo inakhala m'malo mwake.

Anaitana amuna awo kuti atole mapiniwo, n'kuwauzanso kuti atulutse kampando kaja, akapatse aliyense wokafuna. Mpendero unatha wokhota pang'ono kumbuyo, chifukwa anaumaliza osaweramanso. Palibe anaona kukhotako, koma iwo maso anali pa mpenderowo ukwati wonse.